Suli M'malo Bwanji?

Mukapita kukasoketsa kwa a Telala, dziwiranitu kuti dzanja lanu likagwidwa. Amayamba bwinobwino ngati telala wina aliyense: tepi pamapewa, tepi m'chiuno, tepi kutsika ndi mkono mpaka pomangira wotchi. Koma tepi ikachoka, zala zawo ziwiri zimatsalira pomwepo, pansi pa chala chanu chachikulu, maso awo ali pa wotchi yapakhoma. Mukati muyankhule amakudulani. "Dikirani kaye, ndikumvetsera." Mphindi yathunthu, abale inu, munthu wamkulu mwangoima ngati mwana wofuna kuwolotsedwa msewu.

Kachipinda kawo kali pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni, mumsewu wotsetserekera ku chipatala chachikulu. Muli makina opalasa ndi phazi, simbi, galasi lalitali losweka pangodya, ndi nsalu yotchingira poyesera zovala. Pafupi ndi khomo pali mpando wotsamira, ndipo pampandopo pamakhala amuna awo, a Dalaivala. Iwowa anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma dzinalo ndi limene linatsala. Dzanja lawo lamanja limagona pamwendo ngati si lawo, ndipo mawu amene anawatsalira mkamwa ndi owerengeka: eya, iyayi, basi. Ndi dzanja lamanzere amasankha mabatani n'kumawaika m'zitini, oyera paokha, akuda paokha.

M'mawa wina Lachiwiri munalowa achemwali awo a Telala, akulu awo enieni a bere limodzi, atanyamula nsalu yobiriwira m'pepala. Achemwaliwa ndi mphunzitsi wopuma, ndipo kupumako anapuma kusukulu kokha, pakamwa sanapume. Kunali kutatsala milungu itatu kuti mwana wawo womaliza akwatiwe. Anapereka moni kwa alamu awo, anadzudzula fumbi la pagalasi, kenako anatambasula manja kuti ayezedwe.

A Telala anayeza, analemba ndi choko, n'kusiya zala zija pamalo pake. Anamvetsera. Gu, gu, gugugu, zii, gu. Anachotsa zala, kuzipukuta pasiketi, n'kubwezeranso. Chimodzimodzi. Kagundidwe kameneko ankakadziwa ngati mmene munthu amadziwira kutsokomola kwa mwana wake.

"Achemwali, mtimawu wayamba liti kuchita chonchi?"

"Kuchita chotani? Iwe, mtima wanga suli m'malo masiku ano, ndipo ukudziwa chifukwa chake. Ukwati ndi masewera? Ukadzatha ukwatiwu udzabwerera wokha."

"Tiyeni titsike kuchipatala lero lomwe. Ndi pafupi apa."

"Ha! Wayamba udokotala wako uja? Ine ndabwera ndi nsalu, sindinabwere ndi matenda. Soka diresi."

A Telala anakhala pansi pang'onopang'ono. Mawu amenewo, akuti mtima suli m'malo, anali atawamvapo kale mkamwa mwa munthu wina, ndipo tsiku limenelo anayankha molakwa.

Zinali zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. A Dalaivala anabwera kuchokera kuntchito, anakhala pabedi akumasula nsapato, n'kunena kuti, "Mayi, mtima wanga suli m'malo." Nanga ndani sananenepo zimenezi? Mwana akachedwa kubwera kusukulu, mtima suli m'malo. Mukaiwala ngati mwazimitsa simbi, mtima suli m'malo. A Telala anayankha mmene tonse timayankhira: "Khazikani mtima pansi, bambo." Patapita mlungu ananenanso. Patapita mwezi ananenanso, ali chikhalire pakhonde, dzanja lili pachifuwa, maso ali kutali. Apa ndiye a Telala anayamba kuwerengera zina. Mwamuna woyenda misewu italiitali, wogona kunja kawiri pamlungu, lero akuti mtima suli m'malo? Tsiku lina, pakhonde pomwepo, anawaponyera mawu akuthwa ngati sizasi: "Ngati suli m'malo, kautengeni kumene mwausiya."

A Dalaivala anangowayang'ana, ndipo sananenenso.

Kuchipatala chaching'ono anapitako okha mwakachetechete. Anakanena mawu omwewo, ndipo amene anawapeza kumeneko anamva monga mmene a Telala anamvera. Mzere unali wautali kunja. Anawauza kuti, "Mukuganiza kwambiri, bambo, muzipuma," n'kuwapatsa timapiritsi togonetsa. Palibe amene anawagwira dzanja.

Ndiye m'mawa wina, akumwa tiyi, kapu inawapulumuka n'kugwa. Anafuna kunena kanthu, koma pakamwa panapotokera mbali imodzi ndipo mawu anatuluka ngati a munthu woledzera. Mukudziwa chimene anachita a Telala? Anawagoneka kuti mwina zidutsa. Anadikira mpaka masana. Nkhani imeneyi samaibisa, amainena okha, ndipo akamainena mawu awo amatsika.

Kuchipatala chachikulu anakumana ndi adokotala ena a magalasi, mayi wachikulire wosafulumira poyankhula. Adokotalawo anati ndi sitiroko, kenako n'kuika chomvetsera chawo pachifuwa cha wodwala nthawi yaitali. A Telala, ndi mkwiyo wa munthu wamantha, anafunsa kuti, "Mwati vuto lili kumutu. Nanga pachifuwapo mukufunapo chiyani?"

Adokotala sanakwiye. Anatenga zala ziwiri za a Telala n'kuziika pamkono wa amuna awo. "Mukumva chiyani?"

A Telala anamvetsera, ndipo anazindikira msanga, pakuti khutu ndi phazi lawo zinakulira pa makina. "Ukudumpha. Ngati makina akamadumpha ulusi."

"Basitu, mwatha kale. Mtima ukamadumpha chonchi, kachipinda kake kena sikafinya bwino, kamangonjenjemera. Magazi otsalira mmenemo amaundana. Tsiku lina kachidutswa kamathothoka, ndipo msewu wake waufupi ndi wopita kumutu. Kakakatseka mtsempha kumeneko, mbali imeneyo ya ubongo imafa ndi njala. Kwa bambowa kakatseka mbali yoyendetsa dzanja ndi mawu."

"Mukanadziwa kale, mukanachitapo kanthu?"

"Alipo mankhwala oletsa magazi kuundana. Sateteza aliyense, koma amateteza ambiri." Adokotala anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ndipo msewuwu ndi wopita ndi wobwerera, mayi. Mutu ukadzaza mantha kapena chisoni, umatuma mtima kuthamanga. Mtima ukasokonekera, umavulaza mutu. Koma ife tinagawana zipinda, a mtima uko, a mutu uko, ngati anthu awiriwa sadziwana. Kodi bambowa sanadandaulepo chilichonse?"

A Telala ananena mawu aja. Adokotala anawalemba mawuwo pakapepala, n'kuika m'thumba.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse ophunzira atsopano akafika, adokotala a magalasi amatumiza uthenga. A Telala amatseka makina, amavala diresi lawo labuluu, n'kutsika msewu. Ophunzirawo ambiri amawadziwa kale, chifukwa makhoti awo oyera amasokedwa m'kachipinda komweko. Akaima kutsogolo sachulutsa zonena. Amati, "Wodwala walowa, wakuuzani kuti mtima wake suli m'malo. Akudwala chiyani?" Manja amakwera. Nkhawa. Maganizo. Mavuto a kunyumba. Wina wanthabwala amati chikondi, onse n'kuseka, a Telala nawonso n'kuseka. Akatha kuseka amawauza za kapu ija.

"Ine sukulu ya udokotala sindinaione ndi pawindo pomwe," amatero. "Koma chilankhulo chathuchi chili ndi msampha. Mtima woganizira ndi mtima wopopa magazi tinaupatsa dzina limodzi. Safunsa anadya phula. Mufunseni munthuyo: suli m'malo bwanji, m'maganizo kapena m'chifuwa? Akayankha, mugwireni dzanja. Asanayankhe n'komwe, mugwirenibe."

Pa anthu onse amene anawagwira dzanja m'zaka zimenezi, anatumiza kuchipatala asanu ndi awiri. Anayi anabwerera n'kuwauza kuti alibe vuto, ndipo mmodzi wa iwo, wometa wa khomo loyandikana, mpaka lero amabisa manja m'thumba akamadutsa. Atatu ali pamankhwala. Anthu achilendo amamvera. Koma mkulu wako amene anakusambitsapo uli wakhanda, ungamuuze chiyani?

Tsiku limenelo achemwali anatuluka ali pakamwa tolotolo, nsalu n'kuisiya. A Telala anaipinda bwino, n'kuiika pashelefu yapamwamba, osaidula. Anawaimbira foni madzulo ake. "Diresi ndidzasoka mukabwera ndi pepala la kuchipatala." Achemwali anadula foni.

Panadutsa masiku asanu ndi atatu. A Telala anasoka mayunifolomu a sukulu, anasintha zipi za mathalauza, anafupikitsa makhoti awiri oyera. Foni ikalira, phazi linkaima lokha pa makina. Ankaopa kuti amva mawu a mwana wa achemwali akuti amayi agwa. Tsiku lina masana mtima wawo womwe unayamba kuthamanga, mpaka anasiya singano n'kudzigwira dzanja. Unkathamangadi, koma mwadongosolo, gu gu gu gu, osadumpha ngakhale kamodzi. Anaseka okha. "Uwu ndiye wa m'maganizo," anauza a Dalaivala. "Achemwali anga akundithamangitsira mtima ali kwawo." A Dalaivala anati, "Eya," n'kuponya batani m'chitini.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi achemwali anatulukira, ambulera m'manja. Anaima pakhomo akupuma mwawefuwefu, ngakhale kuti kuchokera pokwerera basi ndi mtunda woti mwana amathamanga osatuluka thukuta.

"Ndipatse nsalu yanga. Atelala ndi ambiri m'tauni muno, ena sagwira anthu manja."

A Telala anakwera pampando, anatsitsa nsalu, n'kuiika patebulo lodulira. Sanafune kulimbana. Koma achemwali asanaitole, dzanja lamanzere la a Dalaivala linafika kale pamenepo n'kuipanikiza. Dzanja la munthu amene anagwira chiwongolero zaka makumi awiri ndi ziwiri si lochotsa ndi chala.

"Iyayi," anatero a Dalaivala.

"Alamu, nanunso mwalowa m'gulu?"

A Dalaivala anachotsa dzanja pansalu. Anadzigwira pachifuwa. Anadzigwira pamutu. Kenako ananyamula dzanja lawo lakufa lija, kulikweza pang'ono kuti alamu awo alione bwino, n'kulisiya ligwe lokha pamwendo. "Basi."

A Telala anatsegula kabati n'kutulutsa shati ya amuna awo imene ankaikonza. Anaitambasula pamwamba pa nsalu yobiriwira ija. Kunja inkaoneka ngati shati wamba, mabatani ali pamzere. Anaitsegula ndi dzanja limodzi, phwee, pakuti mabataniwo anali ongokongoletsa, ndipo mkati munali zomata.

"Mukuona, achemwali? Ndinaphunzira kusoka zovala za munthu wa dzanja limodzi. Mkono wa kuno ndimaukulitsa kuti uzilowa mosavuta. Thalauza ndimaika lasitiki. Ndimazidziwa bwino, palibe wondiposa msewu uno." Anasalaza shatiyo ndi chikhatho, n'kupitiriza. "Sindikufuna kukusokerani inu zoterezi. Ndikuopa, achemwali. Ndikufuna mukavine paukwati wa mwana wanu manja onse ali m'mwamba, mukalalatire ophika ndi pakamwa panu ponse. Mukadzapezeka kuti mulibe vuto, mudzandinyoze chaka chathunthu, ndidzavomera."

Achemwali anayang'ana shati, anayang'ana alamu awo. Anakweza chibwano monga ankachitira m'kalasi. "Chaka chimodzi chachepa," anatero. "Tseka makinawo. Ndipo upese tsitsi, sungapite nane kuchipatala uli choncho."

Anatsika msewu awiriwiri pansi pa ambulera imodzi. Pabenchi anadikira maola awiri, achemwali akukonza zolakwika za kalembedwe pa zikwangwani zapakhoma. Atalowa anapeza dokotala wachibambo amene a Telala sanamuonepo. Khoti lake linali lothina m'mapewa, ndipo mumtima a Telala anati, ili si langa ili. Anakhala pakona, atalumbira kuti satsegula pakamwa.

"Tikuthandizeni chiyani, amayi?"

"Palibe chachikulu, adokotala. Mtima wanga suli m'malo, basi. Mwana wanga akukwatiwa, ndiye mukudziwa."

A Telala anafinya chikwama chawo. Cholembera cha dokotala chinali kale pamwamba pa pepala. Koma dokotalayo anachiika pansi.

"Suli m'malo bwanji, amayi? M'maganizo kapena m'chifuwa?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, mwina, funso linawapeza achemwali osakonzeka. Anayankha motsitsa mawu. "Konse kuwiri. Koma m'chifuwamu mumachita ngati muli kambalame. Nthawi zina ndikakwera masitepe ndimaona mdima."

"Bweretsani dzanja."

Anawagwira mphindi yathunthu. Kenako anawatumiza kuchipinda china kumene anawamata timawaya pachifuwa, ndipo makina analavula pepala lalitali la mizere yokwera ndi kutsika. A Telala analisuzumira. Sankadziwa kuliwerenga, koma msoko wokhota ankaudziwa: apa pothinana, apa potalikirana. Dokotala anafotokoza za kachipinda konjenjemera, za magazi oundana, za msewu wopita kumutu. Anati ayeza magazi kaye, ndipo mankhwala ayambe mlungu womwewo. Anawauzanso kuti pakamwa pakadzapotoka, kapena dzanja likadzalemera, kapena mawu akadzasokonekera, asadzadikire kuti zidutsa, ngakhale ola limodzi.

"Mwabwera nthawi yabwino," anatero.

Achemwali, poti uphunzitsi sutha, anafunsa kuti, "Funso lija munalitenga m'buku liti?"

"Si la m'buku. Ine ndinaphunzira kwina, koma nditafika kuno anzanga onse amafunsa choncho. Akuti linachokera kwa mayi wina wosoka zovala kumtundaku."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono. A Telala anali kuyang'ana nsapato zawo.

"Ndi uyu," anatero achemwali, akuloza ndi ambulera. "Mng'ono wanga. Ndinamulera ndine."

Pokwerera basi achemwali anangoti, "Mkono wa diresi usautalikitse, ndikufuna wotchi izioneka," n'kukwera.

Dzuwa linali litapendeka pamene a Telala anatsegulanso kachipinda kawo. A Dalaivala anali pampando pawo, wometa uja atawabweretsera tiyi. A Telala anawauza zonse, kuyambira pabenchi mpaka pa ambulera, ndipo a Dalaivala anaseka ndi theka la nkhope yawo mpaka kutsokomola. Kenako a Telala anayala nsalu yobiriwira patebulo, anajambula ndi choko, natenga sizasi. Anadula mbali ya kutsogolo. Anadula ya kumbuyo. Pofika pa mikono anaima, n'kuika sizasi pansi.

Anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi amuna awo. Ophunzira mazana anali atamva za kapu ya tiyi ndi za kudikira mpaka masana. Koma mawu aja a pakhonde sanawauzepo munthu, ndipo kwa mwini wake sanawabwerezepo.

"Bambo, tsiku lija munati mtima suli m'malo, ine ndinakuuzani kuti mukautenge kumene munausiya. Mukukumbukira?"

"Eya."

"Ndinkaganiza kuti muli ndi mkazi wina. Inu mukundiuza matenda, ine ndikuchita nsanje. Ndikanangofunsa. Zimandipweteka tsiku lililonse, bambo. Pepani."

A Dalaivala anawayang'ana nthawi yaitali. Anapukusa mutu, ngati mmene ankachitira wokwera akamakangana ndi kondakitala pa zinthu zopanda pake. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, chikhatho m'mwamba, monga amachitira m'mawa uliwonse asanamwe mankhwala. A Telala anaika zala ziwiri pamalo pake.

"Ndiye ndikufunseni lero, ngakhale ndachedwa," anatero. "Mtima wanu uli bwanji?"

Milomo ya a Dalaivala inalimbana. Mtsempha wa pakhosi unatupa. A Telala anadikira, chifukwa zaka zisanu ndi chimodzi zinawaphunzitsa kusamalizira munthu mawu. Panatuluka mpweya wokha, kenako kaphokoso, kenako mawu amene sanali eya, sanali iyayi, sanali basi.

"Uli... m'malo."

Pansi pa zala za a Telala mtimawo unkadumphabe monga mwa masiku onse, gu, gugugu, zii, gu. Anaumva bwinobwino. Koma sanatsutse, ndipo sanachotse dzanja.